Mwala wa ku Joni

Johannesburg,
Mwezi wa July.

Kwa Atsibweni anga olemekezeka,

 Ine kuno Mulungu akundisunga, ngakhale kuti chisanu cha mwezi uno, mumzinda uno wokhala pamtunda wa mamita oposa 1,700, chang'amba milomo yanga kotero kuti masiku ano ndikuseka mosamala.

Mau anu adandipeza, akuti denga likudontha ndipo mukufuna malata. Nkhaniyo ndikuiganizira usana ndi usiku, ndipo mwezi ukatha mudzaona chipatso cha maganizowo. Koma pamene mudzamasula katundu amene ndapatsira mnyamata wa basi yodzera ku Beitbridge, Tete ndi Mwanza, mudzapeza pansi pa bulangeti kabokosi kakang'ono, ndipo m'kabokosimo mudzapeza mwala. Ndikudziwa kuti Malembo sayamikira munthu wopereka mwala pamene wapemphedwa mkate. Ndikudziwanso kuti anthu a pabwalo adzati, mumzinda umene anthu akhala akukumba golide kuyambira 1886, umene udadya mphamvu za agogo athu m'masiku a Wenela, mwana wa mlongo wanu sadapezemo kanthu kena koma mwala. Chotero ndiloleni ndiuyankhire mlandu usanazengedwe.

Mwalawo ndi woyera, wosalala, wooneka mkati pang'ono, koma musauonetse kwa ogula miyala ya mtengo, pakuti adzakusekani. Musaubisenso kwa abusa, pakuti si chithumwa. Azungu amautcha alum, amwenye akuti fitkari, ndipo ntchito yake ndi ya pachibwano cha mwamuna akatha kumeta ndevu. Anzeru akuti ndi mtundu wa mchere wobadwa mwa potaziyamu, aluminiyamu yemwe uja wa mapoto, ndi sulfure yemwe uja adagwa pa Sodomu. Ndipo tsiku limene mudzaukhudzitse patsaya, za Sodomuzo simudzazitsutsa.

Ine ndidaudziwira ku Fordsburg, dera la amwenye kumene kuli msika waukulu wa Oriental Plaza, kumenenso Amalawi ambiri tikugwira ntchito m'masitolo ndi m'nyumba zodyera. Bwana wanga, amene safuna kuona chiputu pachibwano cha munthu woperekera chakudya, adandilozera kwa ometa ochokera ku Pakistan amene andanda kufupi ndi Mint Road. Wometayo adandigoneka chagada pampando, nandipaka thovu mpaka m'makutu, nathyola lezala latsopano pakati ine ndikuona, nandipala mwaulemu kotero kuti ndidayamba kuwodzera. Koma atanditsuka adatola mwala m'kambale, nauviika m'madzi, nauyendetsa pakhosi panga, ndipo ine, munthu wamkulu wokhala ndi ana kumudzi, ndidatsala pang'ono kuitana mayi wanga ndi mfunda wawo. Poona kuti safunsa adadya phula, ndidamfunsa chimene ndidamlakwira. Iye adaseka, nati mwalawo suluma munthu koma paja pokha pamene lumo lapala mopitirira, ndipo kuti kuluma kwakeko ndiko kuchira kwake, chifukwa umakoka khungu kuti lithinane, nutseka timisempha timene tadulidwa, magazi naleka pomwepo.

Pamenepo, Atsibweni, mtima wanga udathamangira kwa inu. Ndilankhule mwaulemu, pakuti mwana saloza chala chibwano cha mkulu. Koma mpingo wonse ndi mboni kuti Lamulungu lililonse, mutameta m'mbandakucha ndi lezala losowa chogwirira, sopo wochapira ndi kachidutswa ka galasi kopachikidwa pa mtengo wa mango, mumafika kukachisi mutamata tizidutswa ta nyuzipepala pachibwano, kalikonse kali ndi kadontho kofiira pakati, kotero kuti pamene inu mukuwerenga zolengeza, ana a m'kwaya amakhala akuwerenga nkhani za mpira pankhope panu. Yosefe adayamba wameta asanaonekere pamaso pa Farao, koma sitimva kuti adalowa m'nyumba ya mfumu ali mapepala okhaokha.

Tsono mwambo wake ndi uwu, ndipo ndikupemphani kuti muutsate osadumpha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Muyambe mwafewetsa ndevu ndi kansalu koviika m'madzi ofunda. Kenaka mutenge burashi ya ubweya wa nguluwe imene ndaika m'kabokosi momwemo, muipukuse pa sopo wometera kufikira thovu litalimba, ndipo mulipake mosaumira. Lezala la Minora mulimange m'chogwirira chake chachitsulo, ndipo mumete motsata kumene ndevu zagonera, osakanikiza, kulola kulemera kwa chitsulocho kugwire ntchito. Pakuti ndevu zathu zopotana, zikametedwa mobwerera ndi mwaukali, zimakhota n'kulowanso m'khungu, ndipo ndiko kumachokera tiziphuphu tija ta pakhosi timene timakangana ndi kolala ya malaya. Mukatha, sambani ndi madzi ozizira kuti sopo yense achoke. Apo tsopano nyowetsani mwala, muuyendetse pang'onopang'ono patsaya, pachibwano ndi pakhosi nkhope ikadali yonyowa, osakhula, popeza chimene chikufunika n'chakuti usungunuke pang'ono chabe. Pamene dzanja lanu lidayenda bwino mudzamva kuzizira kokha. Koma pamene lidafulumira mudzamva ngati linthumbu lakupezani m'tulo, ndipo mudzadziwa malo ake enieni amene mawa muyenera kufatsapo. Mboni imeneyi silandira chiphuphu ndipo siopa imvi. Mupirire kwa nthawi yokwana kunena Pemphero la Ambuye kamodzi, mosathamanga, ndiyeno mutsuke, chifukwa mukausiya umaumitsa khungu ndi kusiya fumbi loyera. Potsiriza mudzole mafuta pang'ono. Sipiriti wofiirira uja amathira ometa a pamsika mumsiye apume.

Musauchepetse poona kuchepa kwa mtengo wake lero. Kale ku Ulaya anthu onika nsalu sankatha kugwiritsa mitundu yambiri ya utoto popanda mwala umenewu, ndipo ankaugula modula kwa Aturuki, kufikira m'zaka za m'ma 1460, pamene udapezeka wochuluka m'mapiri a Tolfa pafupi ndi Rome, m'masiku a Papa Pius II. Ndipo apapa adagwira malonda ake ndi manja awiri, naletsa Akhristu kugula kwina. Ndanena izi kuti mudziwe ulemu wake, osati kuti muope: mkulu wa mpingo wa Nkhoma angathe kuupaka Lamulungu lililonse osasanduka Mkatolika.

Adani ake ndi atatu, madzi, simenti ndi abale. Mukausiya wonyowa umadyeka ndi kuchita mabowo, chotero muupukute ndi kuubweza m'kabokosi kake. Ukagwa pakhonde umasweka, ndipo zidutswa zake zimakala. Ukasamalidwa umatha miyezi yambiri. Mayi athu a kunyumbako muwauze msanga kuti si mchere wa m'ndiwo, ngakhale kuti kachidutswa kake kamagwetsa matope pansi m'madzi a chithaphwi, monga amachitira a zamadzi m'mizinda ndi mbale wake wa mwalawu. Koma asayesere zimenezo pa wanuwu. Za abale ndinene mosaseka: chinthu chokhudza magazi a munthu, kaya ndi lezala kaya ndi mwala, sichibwerekanidwa, ngakhale wopemphayo ndi mlamu wanu wokondedwa, pakuti matenda a masiku ano sayang'ana chibale.

A Nyakwawa akamva mbiri ya mwalawu nayamba kuusirira, muwapatse moni wanga waulemu, ndipo muwauze kuti wawo udzabwera pa Khirisimasi pamodzi ndi burashi yake, mlandu wa malire a dimba lathu utatha bwino.

Ndine muphwa wanu womvera,
wa ku Joni.