Ndifunseko za Ana Obadwa ndi Mlomo Wong'ambika

Pa Facebook pamadutsa zithunzi ziwiriziwiri za mwana mmodzi. Pa choyamba mlomo wam'mwamba wang'ambika mpaka pamphuno, pa chachiwiri wasokedwa, pangotsala kachipsera. M'munsi mwake muli pempho loti tiponyepo kangachepe. Ena tsiku lawo lobadwa likafika amauza anzawo kuti ndalama ya mphatso aitumize ku Operation Smile kapena ku Smile Train. Ndi mtima wabwino umenewu. Koma ine ndili ndi mafunso.

Opaleshoni ya mlomo imatha kutheka m'mphindi 45 zokha, ndipo mabungwewa akhala akutchula madola 240 kapena 250 pa mwana mmodzi. Nanga bwanji alipo anthu amene amafika pomera imvi mlomo uli chomwecho? Chikusowa ndi ndalama, kapena manja odziwa kusoka? Mu 1982 Dr Bill Magee ndi mkazi wake Kathy, amene ndi namwino, anapita ku Philippines. Mumzinda wa Naga munasonkhana mabanja pafupifupi 300, koma ana amene anathandizidwa anali ngati 40. Ena onse anabwerera kwawo, ndipo Operation Smile inayambika chifukwa cha obwererawo. Papita zaka zoposa 40, obwerera akadalipo bwanji? Smile Train, imene inayamba mu 1999, inasankha kuphunzitsa ndi kuthandiza madokotala a m'dziko momwemo. Kodi ndalama yanga imagwira ntchito kwambiri ikabweretsa dokotala wa kunja kwa masiku ochepa, kapena ikaphunzitsa amene sadzachoka?

Za zithunzi zija nazonso. Mayi akamavomera kuti mwana ajambulidwe, amadziwa kuti nkhopeyo idzaonedwa ku London? Mwanayo akadzakula adzasangalala nazo? Nanga ife, tikanangouzidwa pakamwa osaona nkhope, tikanapereka?

Koma chimene chimandisowetsa mtendere kwenikweni ndi mayi wa kumudzi. Mwa ana pafupifupi 700 obadwa pa dziko lapansi, mmodzi amabadwa ndi vutoli. Ngati kung'ambikako kwalowa mpaka m'kamwa kumtunda, khanda limalephera kukoka bere. Mkaka umatulukira m'mphuno, limatsamwa, limalira ndi njala bere lili pakamwa. Thupi limayamba kutha, chonsecho madokotala amafuna mwana wonenepako kuti amugoneke ndi kumusoka. Mlomo umaumbika m'miyezi iwiri yoyamba ya mimba, amayi ambiri asanayambe ngakhale sikelo. Ndiye mayi walakwa chiyani kuti anthu azimuloza chala, azinong'onezana za ufiti, mpaka azibisa mwana kumbuyo m'chitenje?

Munthu ali ku America amatumiza ndalama pa intaneti madzi a tiyi asanawire. Nanga uthenga woti mwana angasokedwe umatenga zaka zingati kuti ufike kwa mayi amene alibe foni? Amuuze ndani? Mfumu? Abusa? Alangizi a zaumoyo? Bwanji timachedwa kugogoda pakhomo pa mnzathu wapafupi, koma chithunzi cha mwana wakutali timachigawa msangamsanga?

Operation Smile yakhala ikugwira ntchito kuno ku Malawi kuyambira mu 2012, ndipo yachita maopaleshoni ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe ndi ku Zomba Central Hospital, osalipiritsa. Amene muli ndi ndalama, perekani. Koma ngati mukudziwa khomo limene kuli mwana wotere, pitani mukawauze makolo ake kuti mlomo umasokedwa, ndipo akayambire kufunsa ku chipatala chapafupi.