Mphwanga, ukufunadi kukhala injiniya?

Ndamva kuti wasankhidwa kupita ku MUBAS, ija ife timaitchulabe kuti Poly ngakhale inasintha dzina mu 2021. Wachita bwino. Tsopano khala pansi ndikulangize.

Yamba ndi kutsanzikana ndi tulo. Anzako a zamalonda adzavala magauni pakatha zaka 4, iwe chaka chachisanu udzakhala ukuwolokabe msewu wa Masauko Chipembere, m'mutu muli masamu odzaza zilembo za Chigiriki. Ukagwa m'sapu, mayeso obwereza aja, usalire. Amene sanalembepo sapu ife timamukayikira.

Malo ogona apasukulu sakwanira, ndiye kasake kachipinda ku Chitawira kapena ku Zingwangwa. Ngongole ya boma ikachedwa, thokoza: kugawa paketi imodzi ya soya kuti ikwane anthu anayi ndi masamu okhawo amene udzawagwiritse ntchito tsiku lomwelo.

Ngati watenga zamagetsi, gula makandulo. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo za majenereta tinkaziloweza powunikira ndi tochi ya foni. Ngati watenga zamadzi, loweza bwino kuti madzi a mu Blantyre amakankhidwa ndi mapampu kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire. Ukatha kuloweza, nyamula chigubu ukapemphe kwa aneba.

Koma langizo lalikulu ndi ili: sunga manja ako oyera. Kulabu mukaunjikana pa makina amodzi, ima kumbuyo, suzumira pa phewa la mnzako, kenako kalembe lipoti la masamba khumi ngati makinawo unabadwa nawo. Pa atachimenti ku Makata kapena ku Chirimba, akakupatsa sipanala funsa kuti fomula yake ndi iti. Amisiri achikulire adzayang'anizana, mmodzi adzati, "Abwana, tangokatigulirani tchipisi." Pita msanga, umenewo ndi ulemu.

Ndipo usayerekeze kukaima pa amisiri owotcherera zitsulo ku Ndirande. Munthu wopanda digiri, magalasi akuda a pakaunjika ali kumaso, amayeza ndi diso lokha, n'kupanga geti loti silikhota. Ungadwale nazo mtima.

Patchuthi agogo adzakutulutsira wailesi yawo yakufa, anthu atazungulira kuti aone injiniya wa pamudzi. Uitembenuze kawiri, upukuse mutu, uwauze kuti zimenezo mudzaphunzira semesita ikubwerayi.

Ukamaliza kalembetse ku Malawi Engineering Institution, uyambe kuwerenga zotsatsa ntchito zofuna munthu amene wagwirapo kale zaka zingapo. Misewu ikuluikulu imamangidwa ndi makampani akunja, koma usataye mtima, pamafunikanso wogwira mbendera yofiira.

Pobwera utenge kakyuleta, ambulera ndi mbaula. Hotipuleti usavutike nayo, mphwanga.