Malalanje a Manet

Mayi a kunyumba anandichenjeza kuti ndimwe kaye phala ndisananyamuke, ine n'kukana. Kalata ya gulu lathu inati tikatha kuona zithunzi ku Courtauld Gallery, mu Somerset House ku London, kukhala brunch, kadzutsa ndi nkhomaliro pamodzi. Ndinawerengera kuti zakudya ziwiri zikakumana, m'mimba muyenera kukhala malo.

Gululi ndi la anthu osonkha ndalama zothandizira nyumba zoonetsera zithunzi, ambiri agogo achizungu opuma pantchito. Ine ndinalowamo kuti a kutchalitchi azinditenga ngati munthu wozindikira.

Sabata yonse ndinkaloweza pabalaza, ana akufa nacho chiseko. Mu 1874 ojambula ena anaonetsa ntchito zawo ku Paris, m'nyumba ya Nadar wojambula ndi kamera. Mtolankhani Louis Leroy ataona chithunzi cha Monet cha dzuwa likutuluka padoko la Le Havre, anachinyoza kuti n'chosamaliza, ndipo chipongwe chakecho n'chimene chinawapatsa dzina loti Impressionist. Zonsezi ndinali nazo m'mutu, koma kumeneko palibe anandifunsa.

Pa chithunzi cha Monet cha mtsinje wa Seine ku Argenteuil, cha 1873, ndinayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza. Ndinangoona timadontho ta penti, tachikasu ndi tabuluu, ngati wina wapukutirapo burashi. Ndinavula magalasi n'kuwapukuta ndi taye. Agogo ena anandikoka mkono wa jekete n'kundibwezera m'mbuyo. Pamenepo madzi anayamba kunyezimira, mitengo n'kuima. Ndinagwedeza mutu ngati ndimadziwa kale.

Njala inandipeza pa chithunzi cha Manet cha 1882, cha mtsikana wogulitsa mowa ku Folies-Bergère. Anzanga ankakangana za kalilole ali kumbuyo kwake, kuti bwanji chithunzithunzi cha mtsikanayo chapatukira kumanja. Ine maso anali pa malalanje ali m'mbale yagalasi patsogolo pake, onenepa, owala. M'mimba munalira. Pofuna kuphimba phokosolo ndinati mokweza, "Monet anali katswiri!" Bambo wina anandilozera kachikwangwani mwaulemu, chala chili pa dzina la Manet.

Brunch ija inali kagawo kamodzi ka buledi, kopakidwa mapeyala onyenya, dzira pamwamba. Mapeyala omwewa ku Thyolo amagwa okha, agalu n'kumadya. Ndinadya pang'onopang'ono ndi foloko, ndikuyang'ana kukhomo la kukhitchini. Sikunatulukenso kanthu.

Kenako amayi otsogolera gulu anafunsa aliyense chimene chamukhudza mtima. Zaka zonse ndinaloweza zija zinathawa. "Malalanje aja," ndinatero. Kunati zii. Amayiwo anaika kapu pansi n'kunena kuti anthu ambiri sawaona n'komwe, choncho ulendo wotsatira ndidzalankhule ndine.

Ndasankha Cézanne. Ali ndi chithunzi cha maapulo ndi anyezi m'nyumba yomweyo.