Madzi Akatayika Saoleka, Ngakhale a ku Banki

Mwambi woti madzi akatayika saoleka unabadwira panjira ya kuchitsime, pomwe mtsuko ukasweka mwini wake amangotola mapale n'kubwerera kumudzi mutu uli mbee. Masiku ano mwambiwu unalembedwa ntchito ku banki. Madzi ake ndi dzina la kasitomala, nambala ya reji, nambala ya foni, ngongole imene akubweza, ndi chinsinsi choposa zonse: ndalama zimene zatsala mu akaunti.

Ku Chipata mitsuko yotere ndi yambiri. Mzindawu ndi likulu la chigawo cha Kum'mawa m'dziko la Zambia, uli pafupi ndi malire a Mwami, ndipo aphunzitsi, anamwino, amalonda a ku msika wa Kapata ndi alimi ogulitsa chimanga ku bungwe la boma la FRA onse amasiya zinsinsi zawo m'mabanki ndi m'timisasa ta Airtel Money ndi MTN. Ambiri amaopa akuba a pa intaneti, koma kawirikawiri madzi amatayika popanda wogenda mtsuko.

Dzenje loyamba ndi maina. M'dera limene munthu akakuwa kuti "a Phiri!" theka la mzere limacheuka, kalata ya a Phiri wina siichedwa kufika kwa a Phiri enanso. A Banda, a Tembo, a Zulu ndi a Mwale ali m'bwato lomwelo. Wolemba akaphonya chilembo chimodzi cha adiresi ya imelo, munthu wa ku Katete amatsegula foni n'kupeza mbiri yonse ya malipiro a mnzake wa ku Chadiza, pamodzi ndi tsiku limene anatapa ndalama pakati pa usiku pafupi ndi malo omwera.

Lachiwiri ndi nambala ya foni. Simukhadi ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaipereka kwa wina. Ngati banki sinauzidwe, mauthenga ake amapitabe ku nambala yakaleyo mokhulupirika ngati galu wobwerera pabwinja. Mwini watsopano amadziwa tsiku la malipiro asanalidziwe mkazi wa wolandirayo. Lachitatu ndi pakamwa. Galasi la pa kauntala ndi lochindikala, choncho funso loti "Mwati mutapa zingati, bambo?" limamveka mpaka kwa mlonda wa pakhomo.

Madzi otayika amatsata potsetsereka. Ena amafika kwa tsizinamtole amene amaimba foni mwaulemu, kutchula dzina ndi nambala ya reji molondola, kenako n'kupempha nambala yachinsinsi ya khadi, chinthu chimene banki yeniyeni sifunsa. Koma ambiri amathera kwa achibale. Wakuba amaba kamodzi n'kuthawa. Wachibale amabwera ndi nkhuku m'manja, ndipo amabwera mwezi uliwonse. Wobwereketsa kaloba amatulukira pakhomo tsiku lomwelo, a chilimba nawo amakumbukira mwadzidzidzi kuti yafika nthawi yosonkha. Vuto lina limagwera bambo wa tayi amene mudzi wonse unkamutcha bwana, zikadziwika kuti akauntiyo ili ndi K12 basi. Pakati pa iyeyu ndi wozingidwa ndi achibale uja n'zovuta kunena amene wavulala kwambiri.

Boma linayesa kukonzera mtsuko nkhata. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2021, limalamula aliyense wosunga mbiri ya anthu kuti aiteteze, ndipo zikatayika adziwitse Komishonala woona za nkhaniyi pasanathe maola 24, komanso auze mwini zinsinsizo mwamsanga. Maola 24 ndi ochepa kwa ofesi ya madindo ndi masiginecha. Ku msika wa Kapata ndi nthawi yokwanira kuti nkhani izungulire kawiri, ifike ku Mchinji kutsidya kwa malire, ibwerenso ndalamazo zitawonjezeka ziro.

Wodandaula amayambira ku banki yake, ndipo wanzeru amalemba kalata n'kusunga ina yodindidwa, chifukwa dandaulo la pakamwa nalonso ndi madzi. Yankho likapanda kumukhutiritsa angapite ku Bank of Zambia, imene imayang'anira mabanki onse pansi pa lamulo la mabanki la 2017, kapena kwa Komishonala uja. Banki yaikuluyo imalidziwa vutoli ndi thupi lake: mu Meyi 2022 gulu la akuba a pa kompyuta lotchedwa Hive linasokoneza makina ake ena n'kufuna dipo. Banki inakana kulipira, ndipo atolankhani analemba kuti akubawo anayankhidwa ndi chithunzi chosayenera kuonetsa ana. Kasitomala wamba saloledwa kuyankha banki yake mwa njira imeneyo.

Pa chipukuta misozi m'pamene mwambi umaonetsa mano. Ndalama zodulidwa molakwa zili ngati nyemba: zikamwazika zimatoleka imodziimodzi, ndipo banki imadziwa kuziwerenga mpaka ngwee yomaliza. Chinsinsi sichitoleka. Lamulo limalola wovulazidwa kupempha chipukuta misozi kukhoti, koma khoti limafuna umboni: uthenga wosokera uja, tsiku lake, ndi zimene zinawonongeka. Amene anaberedwa K5,000 ali ndi nambala yoti atchule. Amene anangotaya mtendere ayenera kufotokozera woweruza mtengo wa moni wa apongozi, umene unali wa mawu awiri koma tsopano ukutenga theka la ola n'kuthera pa nkhani ya malata. Ku bwalo la amfumu zoterezi zinali ndi muyeso wake, nkhuku kapena mbuzi, ndipo wolakwa ankaigwira yekha chingwe. Kawirikawiri banki imatumiza kalata yodzaza ndi pepani, ngakhale akuluakulu ananena kale kuti pepani sapoletsa chilonda.

Chotsala ndi kuteteza madzi amene akadali mumtsuko. Nambala yachinsinsi imasinthidwa pa makina otapira ndalama, khadi imatsekedwa n'kutenga ina, nambala ya foni ndi imelo zimakonzedwa pa fomu imodzi, ngakhale akaunti yonse ingatsekedwe n'kutsegula yatsopano kutsidya kwa msewu. Nambala ya reji yokha ndiyo munthu amakhala nayo moyo wake wonse, ndipo fomu yosinthira achibale sinasindikizidwe.