Safunsa Akatsikira ku Japan

Mwambi wakuti safunsa anadya phula unachokera kwa anthu ofula njuchi, amene ankadziwa kuti m'chisa muli uchi womeza ndi phula lolavula, ndipo ankaseka munthu wodzimva amene anameza zonse pamodzi chifukwa choopa kuoneka mbuli. Makolo amene anaupeka ankaona kuti mankhwala a umbuli ndi apafupi, popeza wofunsa ndi wofunsidwa ankayankhula chinenero chimodzi, moti sanaganizireko za mlendo wa masiku ano wotsika ndege pa bwalo la Narita kapena la Haneda ku Japan, amene mafunso ali nawo ochuluka koma lilime lowatulutsira alibe.

Mavuto a mlendoyu amayambira pa zolembedwa, chifukwa Chijapanizi chimasakaniza mitundu itatu ya zilembo m'chiganizo chimodzi: hiragana ndi katakana, zomwe zili ndi zilembo zoyambira 46 mtundu uliwonse, komanso kanji, zomwe ndi zizindikiro zochokera ku China zonyamula tanthauzo, ndipo mndandanda wa boma wa mu 2010 uli ndi 2,136 zogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Motero munthu wa madigiri awiri amabwerera ku sitandade wani akangochoka pa zikwangwani za Chingerezi za pa siteshoni ya Shinjuku, imene imalandira anthu pafupifupi 3 miliyoni patsiku ndipo ili ndi zipata zotulukira zoposa 200.

Chodabwitsa n'chakuti dziko la Japan linatenga phula lomwelo n'kulisandutsa mphunzitsi. Pamawindo a malesitilanti ambiri pamayalidwa mbale za zakudya zosadyedwa zotchedwa shokuhin sampuru, zomwe ndi zifanizo za chakudya chenicheni chophikidwa m'katimo, ndipo malonda ake anakula pamene Takizo Iwasaki, wa ku Gujo Hachiman m'chigawo cha Gifu, anatsegula kampani yozipanga ku Osaka mu 1932 pogwiritsa ntchito phula. Masiku ano zimapangidwa ndi pulasitiki chifukwa phula linkasungunuka pakatentha, koma luso silinachepe, ndipo mumsewu wa Kappabashi ku Tokyo munthu amatha kuona foloko itaima m'malere itakoleka supageti, pambali pake pali tambula ya mowa ya thovu losaphwa. Mlendo amene wagonja pa pepala la zakudya amakodola woperekera zakudya, kutuluka naye panja, n'kuloza mbale ndi chala, ndipo onse awiri amawerama mokhutira ngati agwirizana za nkhani yaikulu ya boma. Apa safunsa wapulumutsidwa ndi chinthu chomwe chinamuchititsa manyazi kwawo.

Komabe chifanizo chimangoyankha za maonekedwe, za kakomedwe chimakhala chete. Sichimuuza mlendo kuti kanthu kobiriwira kali pambali pa nsomba yaiwisi, kooneka ngati peyala lopotedwa, ndi wasabi, chokometsera chimene ukali wake umakwera m'mphuno n'kutulutsa misozi pamaso pa anthu, kapena kuti nyemba za natto ndi soya wosasitsa amene amatuluka ulusi wonanda kuchokera m'mbale mpaka pachibwano. Mayeso aakulu ali m'chimbudzi, mmene kampani ya Toto inabweretsa mpando wotsuka munthu ndi madzi wotchedwa Washlet mu 1980, ndipo lero pambali pa mipando yotere pamakhala mabatani a madzi akumbuyo, madzi akutsogolo, mpweya woumitsa ndi phokoso lobisa phokoso linzake. Mlendo wofuna kungogujumula amadina batani loyandikira ali chiimire, n'kutuluka malaya atanyowa, ndipo chisokonezo cha alendo chinafika poti mu 2017 makampani opanga zimbudzi anagwirizana pa zizindikiro 8 zofanana kuti munthu azidziwa chimene akudziitanira.

Foni yam'manja, imene ambiri amaitenga ngati womasulira wosatopa, imawerenga zikwangwani ndithu, koma mwambo sulembedwa pachikwangwani. Palibe polembedwa kuti masilipasi a kuchimbudzi amatsala kuchimbudzi komweko, kuti pa mphasa za tatami amapondapo atavula ngakhale masilipasi a m'nyumba, kuti kuzika timitengo todyera mumpunga n'zochitika pamwambo wa maliro, kapena kuti ndalama yothokoza imene mlendo wasiya patebulo ingachititse woperekera zakudya kumuthamangira mumsewu kuti amubwezere zomwe waiwala. Ndipo madalaivala a ku Malawi sayenera kuseka kwambiri, popeza ambiri a iwo amayendetsa magalimoto ogula ku Japan amene m'mawa uliwonse amayankhula ndi mawu achizimayi kuchenjeza kuti khadi yolipirira misewu ya kumeneko sinalowetsedwe, koma mwini galimoto amatha zaka akuganiza kuti akumufunira ulendo wabwino.

Pamene mwambiwu ukufooka kwenikweni ndi pa nkhani ya chilango. Kumudzi wodya phula ankasekedwa pomwepo, ndipo kusekedwako ndiko kunali sukulu yake, pamene ku Japan ulemu sulola mwininyumba kuchititsa mlendo manyazi, moti amayang'ana kumbali pamene mlendoyo akuyendayenda pabalaza atavala masilipasi a kuchimbudzi, ndipo amamuyamikira kuti amadziwa Chijapanizi atangotchula mawu awiri okha. Zotsatira zake n'zakuti mlendo amakwera ndege yobwerera ali ndi chikhulupiriro chonse kuti sanalakwitse kalikonse, ndipo akafika kwawo amasonkhanitsa anzake ofuna kupita ku Japan n'kuyamba kuwaphunzitsa mwambo wa kumeneko mwaulamuliro wa munthu amene anadzionera yekha.