Dambo Langa Lili pa Malonda, Boma Lifulumire

Lendi yakweranso abale anga, ndipo ndatulukira kuti mumzinda wonse wa Los Angeles amene akukhala mwamtendere ndi akakowa okha. Ine ndimasamalira okalamba cha ku Santa Monica: kuwasambitsa, kuwamwetsa mankhwala, kumvetsera nkhani imodzimodzi kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Theka la malipiro anga limathera kwa alandilodi. Kakowa sagwira ntchito. Amangoima ndi mwendo umodzi m'matope m'mbali mwa Lincoln Boulevard, pamalo amene boma la California linalipirira madola 139 miliyoni.

Malowo ndimawaonera pa windo la basi. Mukafika pa nyumba zonyezimira za ku Playa Vista, musanalowe mu Marina del Rey, mbali inayo mumangoona tchire: udzu wouma, zitsamba za maluwa achikasu, zithaphwi apa ndi apo, ndi mpanda wawaya umene majumbo ouluka ndi mphepo amakodwamo. Munthu wakwathu ataona anganene kuti mwini puloti anamwalira ndipo abale akadali kukhoti. Za kukhotizo sangakhale atanama, tifikako. Dzina lake ndi Ballona Wetlands, dambo la m'mphepete mwa nyanja yamchere, maekala pafupifupi 600. Za mtengowo anandiuza ndi agogo ena amene ndimawasamalira, obadwira komweko. Ndinayamba ndawayang'ana m'maso, kuti mwina mapilitsi a m'mawa awaposa mphamvu. Ayi ndithu, mutu wawo unali bwinobwino: mu 2003 boma linagula maekala 192 kwa kampani yomanga nyumba ya Playa Capital, kampaniyo n'kuikapo maekala ena a banyira.

Apa m'pamene nzeru zinandibwerera. Ngati boma limagula malo chifukwa choti ndi onyowa, ine ndikuvutikiranji? M'bafa mwathu muli dambo. Paipi ya anzathu okhala pamwamba imadonthera kudenga, dontho lililonse n'kugwera ndendende paliwombo pa munthu amene akutsuka mano. Beseni limene tinatchera limadzaza usiku n'kusefukira. Pakona ya matailosi pamera ndere zobiriwira bwino, zoterera, ndipo mukaponda pafupi ndi chimbudzi, timadzi timatuluka m'mphepete mwa chala chachikulu. A California amalira chilala chaka ndi chaka, koma m'nyumba mwanga dzinja silitha.

"Mayi a Chiso," ndinatero, "kuyambira lero musakolopenso m'bafamo."

"Chifukwa?"

"Mukuwononga chilengedwe. Malowo ndikufuna kugulitsa kuboma."

Sanayankhe. Anangotenga mopu n'kundigwiritsa m'manja.

Koma tamvani mfundo zanga. Dambo la Ballona amalitama chifukwa cha zamoyo zosowa. Kuli kampheta kotchedwa Belding's savannah sparrow, kamene kamamanga chisa m'zitsamba za m'madzi amchere, ndipo boma linakalemba pa mndandanda wa zamoyo zotsala pang'ono kutha. Kuli kagulugufe ka El Segundo blue, kosaposa chikhadabo kukula kwake. Nanga ine? Ndili ndi udzudzu umene umaswana m'beseni, kangaude wokhazikika kuseri kwa thanki ya chimbudzi, ndi banja la mphemvu limene likuchepa tsiku ndi tsiku chifukwa cha patapata wa mayi a Chiso. Ngati kutsala pang'ono kutha ndiye mayeso ake, mphemvu zanga zakhoza.

Malamulo ndinawakhazikitsanso. Ku Ballona munthu sulowa chisawawa, umalowa pa masiku oikika, nthawi zambiri uli ndi wokutsogolera. Nanenso ndinamata pepala pachitseko cha bafa lonena kuti alendo azilowa Loweruka lokha, mwakachetechete, osaponda ndere. Chiso anafunsa ngati zikutanthauza kuti azipita kusukulu osasamba. Mwana ameneyu ndiye yekha m'nyumba muno amene anaikonda pulaniyo.

Mbiri nayo ilipo, chifukwa boma siligula dambo labwinobwino, limadikira liyambe lavulazidwa. Ballona kale linali maekala pafupifupi 2,000. M'zaka za m'ma 1930 mtsinje wa Ballona Creek anauwongola n'kuutsekera mu ngalande ya konkire, madzi ake osathanso kutayikira m'dambo. Howard Hughes, mpondamatiki uja wa ndege ndi mafilimu, anamangapo fakitale ndi bwalo la ndege. Chindege chake chamatabwa, Spruce Goose, chimene chinauluka kamodzi kokha mu 1947, anachikhomera pompo, ndipo m'chishedi chakecho lero muli maofesi a Google. Pokumba doko la maboti la Marina del Rey cha m'ma 1960, matope anakawakhuthulira padambopo mpaka mbali ina inasanduka mtunda. Ndiye kuti kachitidwe kake ndi aka: uwononge kaye, ukhute, chotsalacho ugulitse kuboma. Langali n'losiyana pang'ono, chifukwa linayamba lili mtunda n'kusanduka dambo, koma zimenezo maloya akonza.

Alamu anga, amene amayendetsa Uber ndipo masamu amawadziwa, anabwera ndi tepi yoyezera. Anati madola 139 miliyoni kugawa ndi maekala 192, ekala imodzi ikupitirira madola 700,000. Mtima wanga unagunda. Tinayeza bafa: masikweya mita atatu. Alamu anadinadina pafoni n'kundionetsa. Madola 500 ndi kanthu.

"Alamu, mwaiwala maziro."

"Alamu, maziro kulibe."

Ndinati palibe kanthu, tiwonjezere khitchini, sinki nayo yayamba kuonetsa chidwi. Apo m'pamene mawu anachokera kuchipinda.

"Bambo a Chiso, kodi bafalo ndi lanu?"

Tinakhala chete tonse awiri. Cheke chikadzatuluka chidzapita kwa alandilodi, munthu yemweyo amene wakhala akukana kukonza paipi. Ine wonyowa paliwombo ndidzangopatsidwa tsiku losamuka.

Ku Ballona nako zinayenda choncho, ndipo apa sindikuseka. Kampani inalandira cheke n'kupitiriza kumanga Playa Vista mbali inayo. Eni nthaka enieni, a mtundu wa Tongva, gawo lawo linali kuona mafupa a makolo awo, anthu mazanamazana, akufukulidwa pokumba ngalande ya mudzi watsopanowo.

Kugulako sindikutsutsa ayi. California inataya kale madambo pafupifupi 9 mwa 10 alionse. Dambo limamwa madzi osefukira, limasefa zonyansa za m'misewu zisanalowe m'nyanja, ndipo tiana ta nsomba timakuliramo. Boma likanapanda kugula, pakanamera nyumba zina zimene inenso lendi yake sindikanaikwanitsa. Anthu wamba a Friends of Ballona Wetlands, amene anayamba kulimbana ndi omanga nyumba mu 1978, ndimawavulira chipewa. Chimene chikundiwawa n'chakuti boma lachita za bambo uja wogula malata n'kuwasanjika kuseri kwa nyumba: mvula ikubwera n'kupita, ana akukula, malata akuchita dzimbiri, iye akukambabe za pulani.

Anagula mu 2003. Lipoti la mmene adzakonzere dambolo analivomereza mu Disembala 2020, patadutsa zaka 17. Pulani yake ndi yophwanya makoma a konkire a mtsinje uja ndi kuchotsa matope a ku Marina del Rey, kuti madzi a m'nyanja azilowanso n'kutuluka monga kale. Mabungwe ena a zachilengedwe anawomba m'manja. Ena, a zachilengedwe omwewo, anathamangira kukhoti, ati zimakina zokumba zipha zamoyo zimene zilimo kale. Mu 2023 jaji wa ku Los Angeles analamula kuti lipotilo likonzedwenso, makamaka pa nkhani ya madzi osefukira. Pansi pa dambolo kampani ya gasi imasungirako gasi wake. Odzipereka amabwera kudzazula zomera zachilendo ndi manja, anthu osowa nyumba amene ankagona m'magalimoto mu Jefferson Boulevard anachotsedwa, koma ntchito yaikulu ija inatsakamira m'mafayilo. Mwana wobadwa chaka chogulacho lero ali ndi ndevu, akudulidwa msonkho, ndipo mbali yaikulu ya malo amene makolo ake analipira amangoisuzumira pawaya. Zimenezi n'zochititsa manyazi, kaya wolakwa ndi wa taye wa muofesi kapena wa chikwangwani wa pakhoti.

Si kuti n'zosatheka. Ku Bolsa Chica, cha ku Huntington Beach, boma linagula maekala 880 mu 1997 pa madola 25 miliyoni, ndipo mu 2006 anakumba khomo loti madzi a m'nyanja alowenso, koyamba chitsekereni kalabu ya osaka abakha mu 1899. Ntchitoyo inadya madola 147 miliyoni, kuposa kutalitali mtengo wogulira, ndipo mchenga umabwerabe kudzatseka khomolo, moti amachita kuukumba mobwerezabwereza. Koma nsomba ndi mbalame zinabwerera. Ndinawauza mayi a Chiso kuti aone okha mmene boma limasamalira dambo lake, kukapa mchenga osatopa. Anati ndiye nane nditengerepo phunziro, beseni ladzaza.

Chotsala chinali kutsata ndondomeko. Ndinalembera alandilodi kalata yaulemu yowadziwitsa kuti ndikuitana akuluakulu a boma adzayendere dambo lathu ndi kuwerenga zamoyo zimene zilimo. Munthu amene foni yanga sankaiyankha anatumiza pulambala m'mawa mwake.

Ndinaima pakhomo. Ndinamuuza mnyamatayo kuti muno sagwira chilichonse popanda lipoti, kuti okhudzidwa sanafunsidwe maganizo, kangaude sanapatsidwe notisi, ndipo zonsezi kuti zitheke pamafunika zaka 17.

"Bambo a Chiso, tasunthani munthu adutse."

Pulambalayo anaboola denga, anadula kapaipi kowola, anaikapo kena, tiyi amene mayi anamupangira asanazizire n'komwe. Madzulo mayi anakwecha ndere zonse ndi bulashi, pepala langa la pachitseko n'kukulungira zinyalala. Ine ndikasuma. Alamu akuti akudziwa loya wina ku Inglewood amene tsiku loyamba amamvetsera ulere.