Ndinanamizira Magetsi

Mayi amene ankayang'anira mabuku a ndalama pa ofesi yathu anatha masabata atatu akubwera ku ntchito Loweruka ndi Lamlungu, kulowetsanso malisiti mu kompyuta limodzilimodzi, chifukwa cha ine. Kutchalitchi sanapondeko masabata onsewo. Nkhaniyi yandilemera zaka zingapo, ndipo ndiifotokoza momwe inayendera.

Ndinkagwira ntchito pa bungwe lina lobwereketsa ndalama kwa alimi ndi amalonda ang'onoang'ono, pa boma lina m'chigawo chapakati. Wa makompyuta ndinalipo ndekha, ndipo aliyense ankangonditchula kuti "a IT". Printa ikatafuna pepala, a IT. Intaneti ikadula, a IT. Ndinali ndi dipuloma komanso satifiketi ya CCNA ya kampani ya Cisco, ndipo mumtima ndinkakhulupirira kuti mapepala amenewo ndiwo ukatswiri.

Chuma chenicheni cha ofesiyo chinali m'kachipinda kakumbuyo. Munali seva imodzi ya Linux, pansi pake UPS yosunga moto magetsi akazima, ndipo m'sevamo munali database ya MySQL yokhala ndi dzina la aliyense amene anatenga ngongole, zimene wabweza ndi zimene zatsala. Nditangoyamba ntchito ndinalemba kapulogalamu koti 2 koloko usiku uliwonse kazikopera database yonse n'kuika pa hard disk ina yapadera. M'mawa ndinkasuzumira mu foda ija, n'kuona fayilo yatsopano yokhala ndi deti la tsikulo, mtima n'kukhala pansi. Pa msonkhano wa Lolemba abwana akafunsa kuti, "A IT, backup ili bwino?" ndinkayankha kuti, "Ili bwino, bwana." Fayilo imeneyo sindinaitsegulepo, kapena kuyesa kuibwezeretsa pa kompyuta ina kuti ndione ngati muli kanthu.

Tsikulo linali Lachisanu, kumapeto kwa mwezi, nyengo imene alimi agulitsa fodya ndi soya ndipo akubwera mwaunyinji kudzabweza ngongole. Malo pa seva anali atachepa, choncho ndinaganiza zofufuta database ina yoyeserera imene ndinaipanga kalekale. Maina a ziwirizi ankafanana, ankangosiyana kamawu kamodzi kumapeto. Ndili mkati molemba, foni inalira. Nditamaliza kuyankha ndinabwerera pa kiyibodi, n'kudina Enter osawerenganso. Lamulo la DROP DATABASE silifunsa ngati munthu watsimikiza. Pa sikirini panangotuluka mawu oti "Query OK".

Sipanathe mphindi ziwiri, mtsikana wa pa kauntala anasuzumira pakhomo. "A IT, sisitimu yaima. Anthu ali pamzere."

Nditayang'ana dzina limene ndinalemba, m'mimba munazizira. Komabe ndinadzilimbitsa mtima kuti backup ya usiku wapitawo ilipo, zimene zatayika ndi za tsiku limodzi basi. Ndinatsegula foda ija n'kuyang'ana koyamba kukula kwa mafayilo. Ya usikuwo inali 0. Ya dzana 0. Ndinakwera m'mwamba mwezi ndi mwezi, zonse zopanda kanthu, mpaka ndinafika pa fayilo yomaliza yokhala ndi zinthu, ya miyezi isanu yapitayo.

Chifukwa chake ndinachizindikira pomwepo. Miyezi isanu m'mbuyomo mnzathu wina atasiya ntchito ndinasintha pasiwedi ya database, zimene zinali zoyenera. Koma m'kapulogalamu kaja munatsala pasiwedi yakale. Usiku uliwonse kankayamba ndi kupanga fayilo yatsopano, kenako lamulo lokopera database la mysqldump linkakanizidwa kulowa, fayilo n'kutsala ili gwa, yopanda chilembo ngakhale chimodzi. Uthenga wodandaula unkapita ku bokosi la imelo la pa sevapo limene sindinkalitsegula.

Kulakwa kwachiwiri kunali kwa mantha. Fayilo ikafufutidwa, zimene zinali m'kati mwake nthawi zambiri zimakhala zidakali pa disk. Kompyuta imangolemba kuti malowo tsopano ndi aulere. Choyenera ndi kuimitsa chilichonse, kukopera disk yonse momwe ilili, n'kumafufuza pa kope limenelo. Zimenezi ndinaziphunzira kusukulu. Koma usiku wonse ndinakhala ndikutsitsa mapulogalamu obwezeretsa mafayilo n'kumawaika pa disk yomweyo, ndikupondereza ndekha zimene ndinkafuna kupulumutsa. Nambala ya bambo wina wodziwa bwino ntchitoyi ku Blantyre ndinali nayo mufoni. Sindinawaimbire, manyazi. Paja amati safunsa anadya phula.

Chachitatu ndicho chimandipweteka mpaka lero. Masana a Lachisanulo magetsi anazimadi kwa kanthawi, jenereta n'kulira. Loweruka m'mawa abwana atabwera, ndinawauza kuti kuzima kwa magetsiko kunaononga database ndipo kunakhudzanso backup. Bodza limeneli silivuta kunena kwathu kuno, chifukwa aliyense anaonapo wailesi kapena firiji itapsa ndi magetsi. Abwana anandigwira paphewa. "Pepani a IT, mwagona muno? Pezani mtengo wa UPS yatsopano, tigule." Amayi a ku akaunti sanayankhule kanthu. Anapita ku sitolo kukatulutsa makatoni a mabuku a malisiti a miyezi isanu.

Lachiwiri a bodi anatumiza bambo a ku Blantyre aja kuti adzaone ngati pali chotolapo. Anali munthu wa imvi, wosafulumira. Anakhala pampando wanga n'kulemba mawu amodzi okha: uptime. Lamulo limeneli limanena kuti makina akhala akuyaka nthawi yaitali bwanji osazima. Seva inayankha kuti masiku oposa 100. UPS imene ndinainamizira inali itagwira ntchito yake bwinobwino. Kenako anatsegula fayilo imene MySQL imasungamo malamulo amene munthu walemba, ndipo lamulo langa linali pomwepo, chakumapeto.

Anadzuka n'kutseka chitseko.

"Aphwanga, mwafufuta ndinu."

"Eya, achikulire."

"Kufufutako sikundidabwitsa, dzanja limaterereka. Koma anthu awa mwawauza za magetsi. Lipoti langa ndipereka mawa 10 koloko, ndipo ndilemba zimene ndaona. Mpaka nthawi imeneyo mpata ndi wanu."

Madzulo ake tili pa tiyi anandisimbira za kampani ya GitLab, imene imasungira anthu padziko lonse mapulogalamu awo. Pa 31 January 2017 injiniya wawo, atatopa usiku, anafufuta database yeniyeni poganiza kuti ali pa seva yachiwiri. Pa deta pafupifupi magigabayiti 300 panatsala osakwana 5. Kampaniyo inali ndi njira zisanu zosungira makope, koma panalibe imene inkagwira ntchito modalirika. Imodzi inkalephera mwakachetechete ngati yanga, mauthenga ochenjeza osafika kwa munthu. Chinawapulumutsa ndi kope limene linatengedwa pamanja maola pafupifupi asanu ndi limodzi ngoziyo isanachitike. Chimene bambowo ankafuna ndimve ndi zimene kampaniyo inachita pambuyo pake: inauza makasitomala ake nthawi yomweyo, inaonetsa ntchito yokonzayo pa YouTube anthu akuonerera, kenako inalemba poyera zonse zimene zinalakwika.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinkaganiza za dokotala, amene ali ndi Medical Council of Malawi pamwamba pake, ndi namwino amene ali ndi khonsolo yakeyake. Mmisiri akamanga khoma lopendama, ngakhale mwana amaliona. Koma mu ofesi muja munalibe munthu woti akanatha kuona ntchito yanga n'kunena kuti apa palakwika. Abwana, amayi a ku akaunti, mlimi wobwera ndi ndalama zake atakulunga pa nsalu, onsewo chimene anali nacho ndi mawu anga oti "ili bwino". Ndikuona kuti ntchito yathuyi yagona pamenepo kuposa pa satifiketi. Ine mawu amenewo ndinawapereka kwa miyezi isanu ndisanafufuze, ndipo tsiku limene ankafunikira kwambiri ndinawasandutsa bodza.

M'mawa 8 koloko ndinagogoda kwa abwana, n'kupempha kuti aitanenso amayi a ku akaunti. Ndinanena zinthu zitatu motsatana: kufufuta, backup yopanda kanthu, ndi bodza la magetsi. Abwana anakhala chete nthawi yaitali, kenako anatsegula kabati n'kutulutsa pepala la mtengo wa UPS limene ndinawapatsa dzulo lake, n'kundibwezera. Kalata ya chenjezo lomaliza ndinailandira masana.

Amayi aja anangoti, "Mukananena Lachisanu lomwelo, achimwene, bwenzi titauza anthu kuti asunge malisiti awo. Loweruka mubwere, muzindiwerengera manambala."

Ndinapita Loweruka limenelo ndi masiku ena onse otsala. Ine ndinkawerenga, iwo ankalemba. Malisiti ambiri anali makope a kaboni, ena ofufutika moti amayiwo ankawatukula pa windo kuti dzuwa liwalitse pamene cholembera chinadinda. Limodzi linatikanika. Linali la agogo ena a kumudzi wakutali. Deti linkaoneka, dzina linkaoneka, koma pa ndalama panangotsala kamthunzi, 8 kapena 3 osadziwika. Tinatuma uthenga kudzera kwa mlangizi wa kuderalo. Patatha masiku anayi agogowo anabwera pa kabaza, atalipira okha ulendowo, n'kumasula kajumbo ka shuga momwe munali malisiti awo onse, opindidwa bwino, kuyambira tsiku limene anatenga ngongole. Inali 8. Ndalama ya kabaza ndinawabwezera kuchokera m'thumba mwanga, ndipo ndinawauza chifukwa chimene tinawavutitsira.

Pa ofesiyo ndinakhalapo zaka zina ziwiri. Makope a database anakhala atatu, limodzi likusungidwa kunja kwa ofesi, ndipo Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse ndinkabwezeretsa backup pa kompyuta yakale n'kuitana amayi a ku akaunti kuti adzaone okha. Ankabwera ndi buku la malisiti m'manja, kukoka mpando, n'kuvala magalasi.

"Yambani ndi ya agogo aja," ankatero.